Kompyuta yanga inkakana kuyaka m'mawa uliwonse, ndipo ndinkanamizira magetsi

Ndimagwira ntchito yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ntchito yonse yodula ndi kulumikiza zithunzi ndimaichitira kunyumba kwanga ku Area 25, pa kompyuta imene ndinaimanga ndekha. Zipangizo zake zambiri anandibweretsera msuweni wanga pa basi kuchokera ku Johannesburg, pang'onopang'ono, malingana ndi mmene ndalama zinkapezekera. Purosesa yake, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndi Intel Core i5-9600K, imene inatuluka m'chaka cha 2018, ndipo liwiro lake lokhazikika ndi 3.7 GHz, ngakhale imatha kukwera yokha kufika pa 4.6 GHz ntchito ikachuluka. Chilembo cha K chimene chili kumapeto kwa dzina lake chimatanthauza kuti mwini wake ali ndi ufulu wokweza liwirolo kupitirira pomwe opanga anaika, zimene anthu a makompyuta amati overclock. Popeza motherboard yanga, bolodi lalikulu pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa, ndi ya mtundu wa Z390, womwe umalola zimenezi, ndinakweza purosesayo kufika pa 5.0 GHz, ndinawonjezera mphamvu yamagetsi yopita ku purosesa kufika pa 1.33 V, ndipo ndinatsegulanso XMP, kabatani kowonjezera liwiro la RAM, kuti RAM yanga ya 16 GB, momwe kompyuta imasunga kwa kanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, iziyenda pa liwiro la 3200. Kwa nthawi yaitali kompyutayo inagwira ntchito popanda chondidandaulitsa, mpaka ndinaiwala kuti zonsezi ndinazisintha ndi manja anga.

Vuto linayamba m'mwezi wa Julayi, nthawi imene magetsi ankazima pafupifupi usiku uliwonse kudera kwathu. Chizolowezi changa n'chakuti magetsi akangozima ndimathimitsa soketi ya pakhoma, poopa kuti akamabwera angandiotchere zinthu. M'mawa wina, ndili ndi vidiyo ya ukwati yomwe eni ake ankaiyembekezera Loweruka, ndinasindikiza batani loyatsira, mafani anazungulira kwa kanthawi kochepa, kenako zonse zinazima. Patapita masekondi awiri kapena atatu inadziyatsanso yokha, n'kuzimanso, ndipo inachita chimodzimodzi kangapo sikirini ili yakuda bii. Nditaisiya kwa mphindi zingapo n'kuyesanso kachitatu, inayaka ngati kuti palibe chimene chinachitika, ndipo inagwira ntchito tsiku lonse. Mawa lake inabwerezanso, ndipo pofika tsiku lachinayi inakaniratu.

Aliyense wokhala mu Lilongwe akaona chipangizo chamagetsi chikuvuta m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi, maganizo ake amathamangira kumodzi, ndipo inenso ndinatero. Ndinatsimikiza mumtima kuti power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, yapsa pang'ono, moti ndinayamba kale kufunsa mitengo ya yatsopano m'mashopu a ku Old Town. Mwamwayi ndinalibe ndalama zokwanira sabata imeneyo, choncho ndinaganiza zoyamba ndaiyeza. Ndinaichotsa mawaya onse opita ku zipangizo zina, ndipo pa pulagi yaikulu ya mapini 24 ndinalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pogwiritsa ntchito kachitsulo komangira mapepala, chifukwa kutero kumaiuza power supply kuti iyake ngakhale motherboard palibe. Ndi mita yoyezera magetsi ndinapeza kuti waya wachikasu ukupereka pafupifupi 12 V, wofiira 5 V, ndipo wa mtundu wa lalanje 3.3 V. Muyezo wa ATX, womwe ma power supply amatsata, umalola kusiyana kwa 5 peresenti, kutanthauza kuti mzere wa 12 V uyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, ndipo wanga unali m'kati mwa malirewo. Ndichenjeze pano kuti ma power supply ambiri a masiku ano ali ndi mawaya akuda okhaokha, ndipo ngati yanu ili yotero musalote pini yoti mulumikize, yambani mwaona chithunzi cha m'buku lake. Komanso musatsegule bokosi la power supply ngakhale mutaizula pakhoma, popeza m'kati mwake muli tizipangizo tosunga magetsi amene angakuvulazeni. Kuyeza kotereku sikutsimikiza kuti power supply ikhala bwino ikasenzetsedwa ntchito yolemera, n'chifukwa chake ndinabwerekanso ina kwa mnzanga wa ku Kawale. Nditaiika, kompyuta inachita ndendende zomwe inkachita kale.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene ndinayenera kuyamba nacho, chomwe ndi kutulutsa bokosi pansi pa tebulo, kuchotsa chitseko cha m'mbali, ndi kuyang'ana motherboard ikamayaka. Kompyuta isanaonetse kalikonse pa sikirini, imayamba yadziyeza yokha, ndipo gawo limeneli limatchedwa POST. Ma motherboard ambiri ali ndi tinyali tinayi tolembedwa kuti CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kanyali kalikonse kamayaka pamene gawo lake likuyezedwa, n'kuzima likapezeka kuti lili bwino. Kanga ka CPU kankayaka n'kuzima msanga, koma ka DRAM, komwe ndi ka RAM, kankayaka n'kukhala choncho mpaka kompyuta izime. Masiku anayi onse aja motherboard inkandiuza kumene kuli vuto, ine ndili kalikiliki kuyeza mawaya.

Chotsatira chinali kufufuta zonse zimene ndinasintha mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke, kuti kompyuta ibwerere mmene inachokera ku fakitale. Ndinazula chingwe cha magetsi, ndinasindikiza batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira atheretu, ndinagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi amene amachuluka m'nyengo youma asaononge kanthu, kenako ndinagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa timapini tiwiri tofufutira CMOS, momwe BIOS imasunga zimene mwasintha, kwa masekondi khumi. Pa ma motherboard ena timapiniti timalembedwa kuti CLR_CMOS, pa ena JBAT1, ndipo amene sakutipeza angathe kuchotsa batire lozungulira ngati ndalama yachitsulo, la CR2032, n'kudikira mphindi zingapo asanalibwezere. Ndinapezerapo mwayi woyeza batirelo, ndipo linali ndi 3 V yake yokwanira, choncho ndinalichotsa pa mndandanda wa zokayikitsa. Nditalumikizanso magetsi, kompyuta inatenga nthawi yotalikirapo kusiyana ndi masiku onse, kenako sikirini inawala.

Pali timisampha tingapo pamenepa timene tingamusokoneze munthu n'kuyamba kuganiza kuti waonjezera vuto. Mukafufuta BIOS, dongosolo la disiki yoyambira limatha kusintha, ndipo kompyuta imadandaula kuti siikupeza Windows pamene Windows ili bwinobwino pamalo pake. Ngati disiki yanu inali pa AHCI kapena RAID, zomwe ndi njira zoyendetsera disiki zimene zimasankhidwa mu BIOS, onetsetsani kuti yabwerera pomwe inali, apo ayi Windows ingakane kutseguka n'kuonetsa uthenga wakuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Ndipo ngati munatseka disiki ndi BitLocker, khalani ndi kiyi yake yotsegulira pafupi musanakhudze kalikonse.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri kunabwera chifukwa cha chimwemwe. Nditaona kuti yayaka, ndinalowa mu BIOS n'kubwezeretsa zonse nthawi imodzi kuchokera pomwe ndinazisunga: 5.0 GHz, 1.33 V, ndi XMP. Inazima n'kuyaka kawiri, kenako inalowa mu Windows, ndipo ndinaiyambitsanso kasanu konse kuti nditsimikize, osaona vuto lililonse. Ndinauza mayi a kunyumba kuti zatheka, ndinagwira ntchito mpaka magetsi anazima, ndipo m'mawa mwake kanyali ka DRAM kanali kakundidikira. Tsiku limenelo ndinayamba kukayikira kuzizira kwa Julayi, poganiza kuti mwina chitsulo china chikumakhwinyata usiku n'kusiya kugundana bwino ndi chinzake.

Loweruka lija litadutsa, nditamalizira vidiyo ya eni ake pa kompyuta yopanda overclock, ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene amakonza makompyuta chapafupi ndi msewu wa Malangalanga, yemwe anandiphunzitsa zambiri ndili mnyamata. Ndinawafotokozera zonse, za magetsi, za power supply yobwereka, ndi za kuzizira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, “Achimwene, musanayambe kuvutika chonchi, chomaliza kusintha m'kompyutamo chinali chiyani?” Ndinayankha kuti, “Palibe, bambo, yakhala choncho kuyambira kale.” Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Taganizaninso bwino, popeza anthu onse amene amabwera pano amayamba ndi kunena kuti palibe.” Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira kuti m'mwezi wa Meyi ndinagula tizidutswa tiwiri ta RAM takaunjika, ta 8 GB kalikonse, kuti ndifikitse 32 GB chifukwa mavidiyo a 4K ankandilemera. Sindinkatiwerengera ngati kusintha chifukwa tsiku limene ndinatiika kompyuta inayaka, Windows inaonetsa 32 GB, ndipo pa tizidutswato panalembedwa 3200 monga pa takale.

Zimene ndinaphunzira pambuyo pake n'zimene ndikufuna kuti owerenga azimvetse bwino, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri amene timamanga makompyuta ndi zipangizo zosakanizasakaniza timagwa m'dzenje lomweli. Choyamba, XMP nayonso ndi overclock, ngakhale imaoneka ngati kabatani kosalakwa mu BIOS. Intel imalonjeza kuti i5-9600K iyendetsa RAM ya DDR4 mpaka pa 2666, ndipo chilichonse choposa apo ndi mwayi chabe, ngakhale kuti nthawi zambiri chimatheka. Chachiwiri, nambala ya 3200 sinena zonse. Nditatsegula pulogalamu ya CPU-Z n'kuyang'ana kachidutswa kalikonse pakokha, ndinapeza kuti tiwiri takale tinapangidwa kuti tiziyenda pa 3200 ndi CL16 pa mphamvu ya 1.35 V, pamene tatsopano tija, tomwe mwachionekere tinachotsedwa m'makompyuta a mu ofesi, tinali ta 3200 ndi CL22 pa 1.2 V, ndipo tinalibe XMP n'komwe. Nambala ya CL imasonyeza nthawi imene RAM imadikira isanapereke zomwe yafunsidwa, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti RAM ikuyenera kuyankha mofulumira. Potsegula XMP, motherboard inkatenga malamulo a tizidutswa takale n'kuwakakamiza pa tonse tinayi, kotero kuti tatsopano tija tinkauzidwa kuyankha mofulumira kwambiri kuposa mmene tinapangidwira. Kuonjezera apo, gawo loyendetsa RAM, lomwe lili m'kati mwa purosesa, limavutika kwambiri ndi tizidutswa tinayi kusiyana ndi tiwiri.

Funso limene linatsala linali lakuti, n'chifukwa chiyani vutolo linkaoneka m'mawa mokha, ndipo n'chifukwa chiyani linadikira mpaka Julayi. Yankho lake lili pa zimene motherboard imachita ndi RAM poyaka. Isanayambe kuigwiritsa ntchito, imayesa kutumiza ndi kulandira zizindikiro kwa kachidutswa kalikonse mpaka itapeza kayendedwe koyenera, ndipo ikalephera imazima n'kuyesanso, komwe kunali kuzimazima kuja. Ikapambana, nthawi zambiri imasunga zomwe yapeza n'kuzigwiritsa ntchito ulendo wotsatira, n'chifukwa chake kuyambitsanso kompyuta kuchokera mu Windows sikunkaonetsa vuto. Koma magetsi akachokeratu, motherboard yanga inkayambiranso kuyesako, ndipo popeza RAM inali m'malire enieni a zomwe ingathe, tsiku lina zinkatheka, tsiku lina ayi. M'miyezi ya Meyi ndi Juni sindinkathimitsa soketi kawirikawiri, pamene mu Julayi ndinkaithimitsa usiku uliwonse. Kuti nditsimikize, ndinadikira masana dzuwa lili pamutu, ndinathimitsa soketi, ndinasindikiza batani kuti magetsi otsalira athe, ndinadikira mphindi imodzi, n'kuyatsa. Kanyali ka DRAM kanayaka n'kukhala. Kuzizira kwa Julayi kunalibe mlandu, ndipo magetsi nawonso sanaotche chilichonse, ankangoulula chilema chimene ndinachiika ndekha mu Meyi.

Kupeza njira yoliputira vuto nthawi iliyonse imene ndafuna kunasintha zonse, popeza sindinafunikenso kudikira m'mawa kuti ndidziwe ngati zomwe ndasintha zathandiza. Ndinatenga kope la mwana wanga limene linali ndi masamba otsala, ndipo ndinadziikira lamulo lakuti ndizisintha chinthu chimodzi chokha pa ulendo, ndizithimitsa soketi n'kuyatsa kasanu, kenako ndizilemba zotsatira. Ndinayamba ndi purosesa ili pa liwiro la ku fakitale. Tizidutswa tiwiri takale, titaikidwa m'mipata ya A2 ndi B2 monga buku la motherboard likunenera, tinayaka kasanu konse ndi XMP. Tiwiri tatsopano patokha, popanda XMP, tinayakanso kasanu konse, zimene zinasonyeza kuti amene anandigulitsa sanandipatse katundu wakufa. Tonse tinayi ndi XMP tinakana katatu mwa maulendo asanu. Tonse tinayi pa 2666, motherboard ikudzisankhira yokha manambala a CL, tinayaka kasanu popanda kuzengereza.

Kuyaka kokha si umboni wakuti RAM ili bwino, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Ndinaika pulogalamu yoyeza RAM ya MemTest86 pa fulashi n'kuiyendetsa RAM yonse ili pa XMP, pa ulendo umene inavomera kuyaka, ndipo isanathe ngakhale kuzungulira koyamba inali itapeza kale zolakwika. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake vidiyo ina ya chinkhoswe imene ndinapereka mu Juni inabwezedwa ili ndi malo awiri pomwe chithunzi chinkaphwanyika kukhala timabokosi, vuto lomwe panthawiyo ndinalikankhira pa memori khadi ya kamera. RAM yosakhazikika imatha kuononga mafayilo mwakachetechete, ndipo kwa munthu amene amasunga zikumbutso za tsiku la ukwati wa anthu ena, zimenezi n'zoopsa kuposa kompyuta yokana kuyaka. Pa 2666 ndinaisiya MemTest86 izungulire kanayi, zomwe zinatenga maola angapo, ndipo ndinachita kusankha tsiku limene magetsi ankayembekezeka kukhalapo, ndipo sinapeze cholakwika ngakhale chimodzi.

Nditamaliza ndi RAM ndinabwerera ku purosesa, ndipo kumenekonso ndinapeza zimene sindinkayembekezera. Pa 5.0 GHz ndi 1.33 V kompyuta inkayaka bwino, koma nditayendetsa Prime95, pulogalamu yosenzetsa purosesa ntchito yolemera, uku ndikuyang'ana kutentha pa pulogalamu ya HWiNFO, manambala anadutsa madigiri 90 m'mphindi zochepa, pamene malire a purosesa imeneyi ndi madigiri 100, ndipo pasanathe ola inagwa ndi sikirini yabuluu ya WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, uthenga umene pa kompyuta ya overclock kawirikawiri umasonyeza kuti purosesa siikukhazikika pa liwiro ndi mphamvu zimene yapatsidwa. Imeneyi inali Julayi, ndipo ndinadzifunsa kuti mu Okutobala, kutentha kwa Lilongwe kukafika pachimake, zidzatha bwanji. Nditachotsa choziziritsira ndinapeza fumbi lofiira la kuno litatseka timipata take ngati thonje, ndipo thermal paste, phala limene limapakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira, inali itauma n'kumayoyoka. Ndinapukuta zonse, ndinapaka yatsopano kadontho kamodzi pakati, ndipo ndinamanga zomangira zinayi mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, chifukwa kumanga mbali imodzi mothina kwambiri kumatha kupangitsa kuti purosesa isagundane bwino ndi timapini ta pansi pake, ndipo zikatero vutolo limaonekeranso ngati la RAM. Kutentha kunatsika ndithu, koma sindinafune kuwonjezera mphamvu yamagetsi pofuna kungosunga nambala yokongola ya 5.0. Ndinatsika kufika pa 4.8 GHz ndi 1.28 V, ndipo pamenepo Prime95 inayenda maola ambiri osagwa.

Ndinayenera kusankha pakati pa 16 GB yothamanga ndi 32 GB yodekha, ndipo pa ntchito ya mavidiyo kuchuluka kwa RAM kunali kofunika kwambiri kwa ine kuposa liwiro lake, choncho tizidutswa tonse tinayi tinatsala m'kati. Kusiyana kwa nthawi imene vidiyo ya ola limodzi imatenga kuti ituluke ndi kwa mphindi zochepa, zimene sindiziona n'komwe popeza nthawi imeneyo ndimakhala ndikuchita zina. Mu Windows ndinayendetsa lamulo la sfc /scannow, lomwe linapeza mafayilo ena oonongeka n'kuwakonza, ndipo ndinaoneranso mavidiyo onse amene ndinatulutsa kuyambira Meyi, n'kutulutsanso awiri mwa iwo kwaulere. Ndalama zimene ndikanagulira power supply yatsopano ndinaziwonjezera n'kugula UPS (batire losunga magetsi) yaing'ono, imene siyendetsa kompyuta kwa nthawi yaitali koma imandipatsa mphindi zokwanira kusunga ntchito ndi kuthimitsa mwadongosolo.

Patapita milungu iwiri ndinabwerera kwa bambo aja kukawauza mmene zinathera, ndipo ndinatenga kope lija kuti aone. Analiwerenga tsamba ndi tsamba, n'kundipempha kuti alijambule pa foni kuti azikaonetsa anyamata amene amawaphunzitsa ntchito. Tsamba lomaliza, pomwe ndinalemba manambala onse amene ali mu BIOS panopa pamodzi ndi tsiku limene ndinaika kachipangizo kalikonse, ndinalidula n'kulimata m'kati mwa chitseko cha bokosi la kompyuta, ndipo mwana wanga anandilipiritsa kope latsopano.